Mendulo ziwiri za Ralph: zoti mpingo utole m'katuni iyi, ndi zoti usiye

Aphunzitsi a Sande sukulu ndi atsogoleri a achinyamata amagawanika pawiri ikafika nkhani ya makatuni. Ena safuna n'komwe kuona pulojekita itayaka m'holo ya tchalitchi pokhapokha filimuyo ikhale ya Mose kapena ya Yesu. Ena akangoona wina wadzipereka kufera anzake m'katuni, basi chala chaloza kale: uyu ndiye Yesu, phunziro latha, tiyeni tipemphere. Onsewa akutaya chinthu chabwino. Filimu ya makatuni ya Wreck-It Ralph, imene Disney inatulutsa mu 2012 motsogozedwa ndi Rich Moore, ili ndi phunziro la chisomo lomveka kwa mwana kuposa maphunziro ambiri amene timakonza tokha. Koma ambiri amalifunafuna pamalo olakwika, pamene Ralph akudziponya m'phiri kumapeto. Phunzirolo lili pa mendulo ziwiri zimene Ralph analandira, ndi pa chithunzi chimodzi chojambulidwa m'mbali mwa makina a gemu.

Amene analemba filimuyi, Phil Johnston ndi Jennifer Lee, sanakhale pansi kuti alalikire, ndipo tisawanamizire. Palibe Mulungu amene akutchulidwamo ngati mwini nkhani, palibe mtanda. Zimenezo siziletsa Mkhristu kutolapo choona. Paulo ataima pamaso pa anthu a ku Atene anagwira mawu a alakatuli awo omwe, anthu osadziwa Mulungu wa Israyeli, natenga chimene ananena molondola, mafano awo n'kuwasiya pomwepo (Machitidwe 17:28). Natani atafuna kumufika pamtima Davide sanayambe ndi lamulo, anayamba ndi nthano ya mwanawankhosa wa munthu wosauka (2 Samueli 12). Ntchito ya mphunzitsi ndi yomweyo ya Paulo, kudziwa choti atole ndi choti asiye, ndipo m'filimuyi zonse ziwiri zilimo.

Nkhani ikuchitikira m'nyumba ya magemu ya bambo Litwak, mmene ana amaponya ndalama yachitsulo m'makina n'kusewera. Usiku akatseka, anthu a m'magemuwo amakhala moyo wawo. Amayenderana kudzera m'mawaya a magetsi n'kumakumana mu ekisitenshoni imene makina onse alumikizidwako. Malamulo awiri a dziko limeneli muwafotokozere ana filimu isanayambe, apo ayi theka la nkhani liwadutsa. Ukafera m'gemu yako umadzukanso, koma ukafera m'gemu ya eni wapitiratu. Ndipo makina akaoneka kuti awonongeka, bambo Litwak amamata chipepala pagalasi, akapanda kukonzeka amazula pulagi, okhalamo n'kuthawira ku ekisitenshoni kuja opanda kwawo.

Ralph ndi chimphona cha manja akuluakulu chimene kwa zaka 30 chakhala chikugumula nyumba yansanjika m'gemu ya Fix-It Felix Jr. Iye akaphwanya mawindo, Felix amabwera ndi hamala yake yagolide n'kukonza. Gemu ikatha Felix amavekedwa mendulo, Ralph amanyamulidwa ndi okhala m'nyumbamo n'kuponyedwa kuchokera padenga kugwera m'matope. Imeneyo ndi ntchito, ndipo si imene imamudya mtima kwenikweni. Chimamupweteka n'chakuti akaweruka anzake amalowa m'nyumba kukadya ndi kuseka, iye n'kumapita kudzala kukagona pa mulu wa njerwa zosweka. Onetsetsani kachigawo kakafupi kotsegulira gemuyo: nyumbayo inamangidwa pamalo pamene panali chitsa chimene Ralph ankagonapo, chigalimoto chokumba n'kuchikankhira kudzala. Ana ambiri saziona zimenezi pokhapokha muwalozere.

Pa chikondwerero cha zaka 30 za gemuyo sanamuitane. Anadzilowetsa yekha, Felix n'kumulandira mwamanyazi. Patebulo panali keke youmbidwa ngati nyumba yawo yansanjika, tizidole ta anthu onse tili padenga pamodzi ndi Felix, kachidole ka Ralph kali pansi, m'matope a chokoleti, nkhope yolusa. Ralph anakanyamula n'kukaika padenga. Mkulu wina wa m'nyumbamo, Gene, anakabwezera m'matope. Anakangana mpaka Ralph mwaukali anaphwanya keke yonse, n'kutsimikizira chimene anthuwo ankanena kale za iye. Apo m'pamene anapangana: akabweretsa mendulo, adzapatsidwa chipinda chapamwamba penipeni pa nyumbayo.

Imani kaye pamenepa ndi ana, chifukwa pangano limeneli ndi limene ambiri a iwo akukhalamo. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, amene sanasankhidwe amadziwa yekha mmene moni amasinthira pakhomo. Wolephera MSCE amadziwa amene amaitanidwa pankhani za banja ndi amene amatumidwa kukatunga madzi. Sindikunyoza sukulu, satifiketi ndi yofunika ndipo mwana alimbikire. Chimene ndikukana n'kuuza mwana, ndi mawu kapena ndi nkhope, kuti malo ake pamphasa ya banja akudikira pepala. Nafenso kumpingo tili ndi mendulo zathu. Woloweza mavesi ambiri ndiye amaitanidwa kutsogolo chaka ndi chaka, mayina a opereka kwambiri ndiwo amawerengedwa mokweza, ndipo wovala bwino sasowa mpando. Yakobo 2:1-4 inalembedwera ife, si okhala m'nyumba ya Felix okha.

Mendulo yoyamba Ralph anaipeza m'gemu ya nkhondo ya Hero's Duty, ndipo mmene anaipezera n'zofunika kuziona bwino. Anavula msilikali amene anakomoka n'kuvala zida zake, nalowa mozemba. Nkhondo itayamba ndi zilombo zachitsulo zotchedwa Cy-Bugs anachita mantha n'kusokoneza gemu yonse. Zilombozo zitaphedwa ndi kuwala kwakukulu kumene kumazikoka gemu ikatha, anakwera nsanja kunja kwake popanda womuletsa n'kutenga mendulo yolembedwa kuti ngwazi. Sanamenye nkhondo. Potuluka anaponda dzira la chilombo, chinaswa n'kumukakamira kumaso, onse awiri n'kugwera m'chombo chimene chinakawatula m'gemu ina yotchedwa Sugar Rush. Choncho mendulo ya ungwaziyo inabwera ndi chinyengo, ndipo inanyamulira anthu osalakwa tsoka.

Kwawo nako zinthu zinaipa. Mtsikana wina ataponya ndalama m'makina a Fix-It Felix Jr., nyumba inangoima bwinobwino, wogumula palibe, Felix alibe choti akonze. Bambo Litwak anamata chipepala chija. Apa 1 Akorinto 12:21-23 imalowa yokha osaikakamiza: diso silingauze dzanja kuti silikulifuna, ndipo ziwalo zooneka zonyozeka ndizo thupi silingakhale popanda izo. Afunseni ana kuti ndani amasesa tchalitchi, ndani amalondera usiku, ndani amapopa zimbudzi m'dera lawo, ndipo mayina awo ndani. Kawirikawiri dzina la abusa amalidziwa onse, la alonda palibe.

Koma mtima wa filimuyi uli ku Sugar Rush, gemu ya mpikisano wa magalimoto m'dziko lopangidwa ndi maswiti, kumene kuli kamtsikana kotchedwa Vanellope. Thupi lake limaphethira, kuzimiririka n'kuonekeranso poteropo, makamaka akakhumudwa. Onse amati iye ndi cholakwika cha pakompyuta, sanayenere kukhalapo. Mfumu ya kumeneko, King Candy, inamuletsa kupikisana. Ndipo onani mmene chitseko anachitsekera. Usiku uliwonse pamakhala mpikisano wosankha asanu ndi anayi amene ana adzasewere nawo mawa lake, ndipo wolowa amalipira ndalama yagolide yochokera pa zimene anapambana kale. Amene sanapikisanepo alibe ndalama, wopanda ndalama sapikisana. Palibe amene afunika kumumenya kuti asalowe, dongosolo lokha likumutsekereza. N'chifukwa chake anaba mendulo ya Ralph n'kuiponya m'malo mwa ndalama. Ana anzake, motsogozedwa ndi Taffyta, anamutsatira n'kuphwanya kagalimoto kamene anadzipangira yekha, akumuyerekeza kuphethira kwake, n'kumukankhira m'matope. Ralph, amene matope amawadziwa, ndiye anawathamangitsa.

Vanellope amagona yekha m'kati mwa phiri la Diet Cola, pa zinyalala za mapepala a maswiti, ndipo chifukwa cha vuto lakelo sangathe n'kutuluka komwe m'gemuyo. Pambuyo pake zinaululika kuti zonse zimene ankauzidwa zinali bodza. Ralph ali kwawo anaona kudzera pagalasi la makina ake kuti chithunzi cha Vanellope chajambulidwa m'mbali mwa makina a Sugar Rush, chachikulu, ali pagalimoto. Amene anapanga gemuyo anamuikamo dala. King Candy ndiye analowa mu code ya gemuyo, malangizo a pakompyuta oiyendetsa, nadula zingwe zonse zolumikiza Vanellope, natsekera m'bokosi zokumbukira za anthu onse kuti aiwale kuti iye ndani. Kumufufutiratu kunamukanika.

Chithunzi chimenechi ndicho chinthu chachikhristu kwambiri m'filimu yonse. Mtengo wa mwanayu sukuchokera pa zimene anzake akunena, ngakhale pa zimene iye mwini akukhulupirira, pakuti nayenso anali atavomera kuti ndi cholakwika. Ukuchokera kwa womupanga, ndipo umboni wake uli panja, pamalo pamene mfumu yabodzayo singafikepo kuti ifufute. Werengani Genesis 1:27 ndi Salimo 139:13-16 pamenepa, ndi Yesaya 49:16 pamene Mulungu akunena za kulemba anthu ake pa zikhatho zake.

Pali misampha iwiri pano, ndipo mphunzitsi wosakonzeka amagweramo. Woyamba: filimu ikuti vuto la Vanellope linabwera chifukwa wina anamuchita chipongwe mobisa. M'kalasi mwanu mungakhale mwana wachibwibwi, wakhunyu, wachialubino kapena woyenda ndi ndodo, ndipo kwathu kuno sipatenga nthawi kuti wina anene kuti ameneyu anamulodza. Musalole fanizo lipite kumeneko. Tsekani njirayo ndi Yohane 9:1-3, pamene ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu n'kukana funso lenilenilo. Kenako alozereni kuti gemu itabwerera mwakale, Vanellope anasankha kusunga kuphethira kwakeko, ndipo ana osewera anamukonda nako. Msampha wachiwiri ndi wobisika kwambiri. Kumapeto zikudziwika kuti iye ndi mwana wamkazi wa mfumu, mwini dziko, ndipo amene ankamuzunza akugwa nkhope. Mwana wochenjera adzafunsa kuti, nanga akanakhala kuti analidi cholakwika, kumuzunza kukanakhala bwino? Filimu siyankha mokwanira. Ife tiyenera kuyankha kuti ayi, ndipo umboni uli m'filimu momwemo, pakuti Ralph anamuteteza, anamupangira galimoto ndi kumuphunzitsa kuyendetsa asanadziwe chilichonse cha ufumu wake.

Tsopano mendulo yachiwiri. Atangotsala pang'ono kupita ku mpikisano, Vanellope anathamangira m'phiri muja kukatenga chinthu. Ali komweko King Candy anafika, nabwezera Ralph mendulo yake yagolide, namuuza mofatsa kuti Vanellope akapikisana ana adzaona kuphethira kwake, adzati makina awonongeka, pulagi idzazulidwa, onse adzathawa koma iye yekha sangatuluke, adzafera momwemo. Mawu okoma, nkhope yachifundo, dziko lonse la shuga: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vanellope anatuluka atanyamula mendulo imene anapanga yekha, bisiketi youmbidwa ngati mtima, yopindika, mbali ina analembapo dzina lachipongwe limene amamutcha Ralph, mbali ina analemba kuti ndiwe ngwazi yanga. Anamuveka. Mphindi zochepa zotsatira Ralph anamupachika pamtengo ndi malaya ake kuti asamuletse, naphwanya galimoto ija ndi manja ake, mwanayo akulira.

Ikani mendulo ziwirizi pambali pa inzake pabolodi. Ina ndi yagolide, Ralph anaifunafuna, anainamizira, ndipo atafika nayo kwawo anapeza nyumba yonse ili pululu, anthu athawa. Gene anasunga pangano, anamupatsa kiyi wa chipinda chapamwamba, n'kumuuza kuti poti anatopa kukhala yekha kudzala, tsopano akhale yekha m'chipinda chapamwamba. Ina ndi ya ufa ndi shuga, sanaipemphe, ndipo anailandira pa ola limene mumtima mwake anali atatsala pang'ono kupereka mnzakeyo. Aefeso 2:8-9 ikunena kuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito, kuti wina asadzitame. Vesi limeneli ana amaliloweza mosavuta koma kulimva n'kovuta, chifukwa moyo wawo wonse ukuwaphunzitsa zosiyana. Apa akuliona ndi maso. Ndipo Ralph atavula yagolide ija n'kuigenda pagalasi, m'pamene chipepala chinapendekeka iye n'kuona chithunzi cha Vanellope. Afilipi 3:4-8, pamene Paulo akuwerenga maudindo ake onse n'kuwayesa zinyalala, ndi mawu oyenera pamphindi imeneyo.

Chenjezo limodzi lokha: Vanellope popereka mphatsoyo sankadziwa chimene Ralph achite. Mulungu ankadziwa. Aroma 5:8 ikuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, maso ali poyera. Nenani kusiyana kumeneku, musakumeze.

Za King Candy tisachedwepo. Iye ndi Turbo, katswiri wa gemu yakale ya mpikisano amene sanapirire kuona ana akuthamangira makina atsopano, nalowa m'gemu ya eniyo mpaka makina onse awiri anazulidwa pulagi. Ndi chimene Ralph akanasanduka akanapitiriza njira ya mendulo. Onse awiri anathawa kwawo kufuna kuwomberedwa m'manja. Marko 10:35-45, pamene Yakobo ndi Yohane akupempha mipando yaulemu, ikukwanira.

Tifike pa phiri paja pamene ambiri amathamangira. Chilombo chimene Ralph anabweretsa chinaikira mazira pansi pa Sugar Rush, ndipo pa tsiku la mpikisano zinaswa zosawerengeka. Anthu onse anathawira potulukira, Vanellope yekha osatha kudutsa. Ralph anakumbukira kuti zilombozi zimakokedwa ndi kuwala. Pamwamba pa phiri la Diet Cola pali denga la maswiti a Mentos, ndipo akagwera m'chakumwa chowira pansipo chimaphulika. Anadziponya kuchokera m'mwamba, chibakera patsogolo, mendulo ya bisiketi ili m'dzanja lina, akudziwa kuti ali m'gemu ya eni ndipo sadzadzukanso. Denga linagumuka, phiri linaphulika, zilombo zonse pamodzi ndi Turbo zinakokedwa n'kupsa.

Ndi chikondi chenicheni, ndipo Yohane 15:13 ikuyenera pamenepa. Koma Ralph si Yesu, ndipo kuuza ana choncho n'kuwasokoneza pa chinthu chachikulu kwambiri m'chikhulupiriro chathu. Tsoka limene akuzimitsa analiyatsa yekha. Yesu sanafere kukonza cholakwa chake. Ralph akufera mnzake womukonda, Yesu anafera ndi adani omwe. Ndiponso Ralph sanafe, Vanellope anagwiritsa ntchito kuphethira kuja n'kumuwakha ndi galimoto asanagwere m'moto. Ngati mukufuna munthu wa m'Baibulo wofanana naye, tengani Zakeyu pa Luka 19: wonyozedwa ndi mudzi wonse, analandiridwa asanasinthe, ndipo kulandiridwako ndiko kunamuimiritsa kuti abweze zimene analanda. Ndondomeko yake ndi yomweyo ya filimuyi, mphatso patsogolo, ungwazi pambuyo. Mukaitembenuza mwabwerera kwa Gene.

Ndipo kwa ana ungwazi umene angautsanzire Lolemba si wodumphira m'phiri. Uli pa zimene Ralph anachita asanafike kumeneko. Anabwerera kwa mwana amene anamulakwira. Anathyola ndende ya King Candy mmene munatsekeredwa Felix, amene anabwera kudzamufunafuna, n'kupempha munthu amene ankamuchitira nsanjeyo kuti akonze galimoto imene iye sangathe kukonza. M'ndende momwemo Felix anadandaula kuti tsiku limenelo wakanidwa ndi kutengedwa ngati chigawenga, Ralph n'kumuyankha kuti kwa iye limenelo ndi tsiku lililonse. Felix, munthu wabwino amene kwa zaka 30 sanafunsepo kuti mnzake amagona pati, anamva koyamba. Ana ambiri a m'makalasi athu, makamaka ochokera m'mabanja okhazikika mumpingo, ndi a Felix, si a Ralph, ndipo chigawo chimenechi ndi chawo. Pomaliza Vanellope anamupempha kuti akhale m'nyumba yachifumu, Ralph anakana n'kubwerera ku ntchito yake. Akuponyedwabe kuchokera padenga tsiku ndi tsiku. Chasintha n'chakuti iye ndi Felix anatenga osowa pokhala a ku ekisitenshoni kuja, monga Q*bert, n'kuwapatsa malo ndi ntchito m'gemu yawo.

Tsopano choti musiye. Filimu imatsegula ndi msonkhano wa anthu amene amasewera mbali ya woipa m'magemu osiyanasiyana, ndipo amatseka ndi lonjezo lonenera pamodzi lakuti iwo ndi oipa ndipo zimenezo n'zabwino, sadzakhala abwino ndipo palibe cholakwika, ndipo palibe wina amene akadakonda kukhala koma iwo eni. Ralph akulinenanso pamene akugwa kupita kuphiri, nyimbo ili pamwamba, ndipo n'chifukwa chake ana amatuluka nalo pakamwa. M'nkhaniyo likunena za ntchito: kugumula nyumba m'gemu si tchimo, ndi gawo limene anapatsidwa, monga wosewera Yudasi m'sewero la Pasaka sakhala wompereka Ambuye. Pamenepo palibe vuto. Koma mnyamata wa zaka 12 amene akuba ndalama m'chikwama cha amayi ake akalitenga lonjezolo, alimva mwina. Yesaya 5:20 ikuchenjeza otcha choipa chabwino, ndipo 2 Akorinto 5:17 ikulonjeza chimene lonjezo lija likukana, kuti munthu akhoza kukhala watsopano. Njira yabwino si kulidumpha. Lembani pabolodi zimene Ralph anachita, ana azigawe pawiri. Kugumula nyumba m'gemu, kukhala ndi manja akuluakulu, kugona kudzala, mbali imodzi. Kuvala zida za eni, kuthawa ntchito mpaka anansi kutsala pang'ono kutaya kwawo, kuphwanya galimoto ya mwana, mbali ina. Adzaona okha kuti za mbali yachiwiriyo ngakhale filimu yomwe sinazitche zabwino, Ralph anachita kubwerera kukazikonza.

Chinanso choti musiye chili m'mawu omaliza a Ralph. Akunyamulidwa padenga, akuona Vanellope patali akupambana, n'kunena kuti safunanso mendulo, pakuti ngati kamwana kaja kamamukonda ndiye kuti si woipa kwenikweni. N'kokoma kumva, ndipo kuli bwino kuposa golide. Koma waika kulemera kwake konse pa munthu mmodzi. Opanga filimuwo anaona okha ming'alu yake. M'filimu yotsatira ya 2018, Ralph Breaks the Internet, Vanellope akufuna kukakhala m'gemu ina, ndipo Ralph, poopa kutsala yekha, akulowetsa vairasi m'gemuyo kuti mnzakeyo abwerere. Mendulo ya bisiketi ija ikusweka pakati, ndipo mantha a Ralph akuchulukana kukhala chimphona chofuna kumugwira Vanellope osamusiya. Achinyamata a ku sekondale amene ayamba zibwenzi afunika kumva zimenezi kuposa china chilichonse m'nkhani yonseyi. Chikondi cha munthu chikhoza kukulozera mtengo wako, koma sichingausenze, ndipo Aroma 8:38-39 ikunena za chikondi chokhacho chimene sichisamuka.

Zatsala ndi za kaonetsedwe, pakuti phunziro labwino limafera pa sipika yosamveka. Filimuyi ndi ya mphindi 101. Kuionetsa yonse kenako n'kuyamba mafunso sikuthandiza, ana amakhala atatopa ndipo amangokumbukira mpikisano womaliza. Igaweni patatu. Imani koyamba Ralph atangophwanya keke n'kupangana ndi Gene. Imani kachiwiri atangophwanya galimoto ya Vanellope, ndipo musathamangire kuwatonthoza, asiyeni akangane ngati walakwa kapena ayi, chifukwa pamenepo iwonso sakudziwa kuti King Candy wanama. Kachitatu ndi kumapeto. Pa kuima kulikonse mafunso asapitirire atatu, vesi limodzi kapena awiri, m'magulu a ana asanu ndi mmodzi kufika asanu ndi atatu, apo ayi amayankha ndi atatu omwe aja olankhula nthawi zonse. Mavesi onse amene ndatchula si a tsiku limodzi, sankhani malinga ndi msinkhu.

Ana osakwana zaka 7 asaonere. Zilombo zija zimaopsa, makamaka kumapeto pamene King Candy wadyedwa n'kusanduka chimodzi mwa izo. Mulinso kutchulana mayina achipongwe ndi nthabwala zakuchimbudzi, ndipo ndi bwino makolo ndi akulu a mpingo adziwe zimenezi pasadakhale kusiyana n'kuzimvera kwa mwana kunyumba. Chingerezi chake n'chothamanga, chodzaza ndi mayina a maswiti a ku America ndi magemu akale amene ana athu sanawaonepo. Womasulira aonere kawiri yekha, ndipo asalimbane ndi chiganizo chilichonse, angonena mwachidule chigawo chisanayambe, n'kumasulira mokwanira zokambirana zinayi zokha: ya keke, ya King Candy ndi Ralph, ya Gene ndi kiyi, ndi ya Felix m'ndende. Mukapeza kope lomasuliridwa kale m'Chichewa la m'mavidiyo a m'misika, lioneni lonse kaye, chifukwa omasulirawo amawonjezera nthabwala zawo ndipo nthawi zina amaseketsa pamalo ofunika kuti pakhale chete. Musalipiritse pakhomo, mukatero mwalowa m'nkhani ya malonda ndi ya eni filimu.

Sipika ndi yofunika kuposa kukula kwa chithunzi, ya m'laputopu simveka kupitirira mzere wachiwiri. Holo ya mawindo ambiri masana imafafaniza chithunzi cha pulojekita, ndipo zigawo za Hero's Duty n'zamdima kale, choncho tchingani mawindo ndi nsalu zokhuthala kapena gwiritsani TV gulu likakhala laling'ono. Laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo lembani papepala pamene mwalekezera kuti magetsi akathima musayambirenso.

Ambiri amakonda kutsiriza ndi ntchito yamanja yoti ana apangirane mendulo za katoni ndi ulusi, aliyense alembepo chinthu chimodzi chabwino cha mnzake. Ndi yabwino, koma imawonongeka mosavuta. Mukawalola kusankha okha womupangira, mwana wotchuka atuluka ndi zisanu pakhosi, wachete uja n'kutuluka wopanda, ndiye kuti mwaumbanso keke ija ndi manja anu. Lembani mayina onse pa timapepala, aphunzitsi ndi alonda omwe, aliyense atole limodzi m'dengu. Mukhale ndi ziwiri kapena zitatu zopanga kale za amene afike mochedwa, muwerenge zolembedwazo musanalole kuti ziperekedwe, ndipo pasakhale mphoto ya mendulo yokongola kwambiri.